Kodi Tony Soprano anafa? Yankho kwa mayi amene sewero linawathera mumdima

Uthenga wa mayi wina ukuti: "Ine ndi bambo a kunyumba takhala miyezi itatu tikuonera The Sopranos ana akagona. Dzulo tinafika gawo lomaliza. Tony wakhala m'lesitilanti ndi mkazi wake ndi mwana wake wamwamuna, nyimbo ikulira, chitseko chatseguka, iye wadzutsa mutu, basi TV yangoti bii, phokoso zii. Ine ndinanyamuka kukagwedeza mawaya poganiza kuti china chake chazuka. Kenako mayina a ochita sewero anayamba kutuluka. Bambo akuti Tony anaomberedwa, nkhani yatha. Ine ndikuti munthu amene sitinamuone akufa sanafe. Takangana mpaka tagona chofulatirana. Zoona zake n'ziti? Kapena olemba anangosowa pothera n'kutitayitsa nthawi?"

Mayi, TV yanu ili bwinobwino, ndipo inunso simunaphonye kanthu. Zogwedeza mawayazo anachitanso anthu ambirimbiri ku America usiku wa pa 10 June 2007, pamene wailesi ya kanema ya HBO inaonetsa koyamba gawo lomaliza la sewero limeneli, lonena za Tony Soprano, mtsogoleri wa zigawenga za mafia ku New Jersey. Oonera anali pafupifupi 12 miliyoni, ndipo ambiri anakhulupirira kuti kanema wawadukira pa nthawi yoipitsitsa. Mdima umenewo umatenga masekondi pafupifupi 10, ndipo anauika dala David Chase, mwini wake wa seweroli, amene analemba ndi kutsogolera yekha gawo lomalizali, la nambala 86, lotchedwa "Made in America". Iye ankafuna kuti mdimawo upitirire osaonetsa ngakhale mayina, koma bungwe la otsogolera mafilimu ku America silinamulole. Choncho inu munaona mdima waufupi. Mwini wake ankafuna kukuzunzani nthawi yotalikirapo. (Amene simunamalize seweroli, lekerani pompano, chifukwa ndiulula zambiri.)

Ntchito yanga kwa zaka zambiri yakhala yodula ndi kulumikiza zithunzi za masewero a pa kanema, ndiponso kuphunzitsa achinyamata ofuna kulemba masewero. Ndikakumana ndi mapeto ngati awa sindiyamba ndi funso loti chinachitika n'chiyani. Ndimayamba ndafunsa kuti kamera yaima pati, ndipo ikuona ndi maso a ndani. Paja amati kutsutsa galu n'kukumba, ndiye tiyeni tikumbe mphindi zisanu zomalizazo.

Tony akulowa mu Holsten's, kalesitilanti kenikeni ka ku Bloomfield, m'chigawo cha New Jersey. Waima pakhomo, akuyang'ana mkati. Ife tikuona nkhope yake, kenako tikuona zimene iye akuona, ndipo mosayembekezereka tikumuona atakhala kale pampando. Apa Chase akutiphunzitsa lamulo la masewera ake: ukaona nkhope ya Tony ikuyang'ana, chithunzi chotsatira ndi maso a Tony. Pachitseko pali kabelu. Kabelu kalira, Tony adzutsa mutu, ife tiona mayi wina akulowa. Kaliranso, adzutsa mutu, tiona bambo wovala chipewa cholembedwa USA. Kaliranso, ndi Carmela mkazi wake. Kaliranso, ndi mwamuna wachilendo wovala jekete, kumbuyo kwake kukubwera AJ, mwana wa Tony. Belu, nkhope, zimene akuona. Belu, nkhope, zimene akuona. Pofika kachinayi, thupi lanu lazolowera ngakhale mutu wanu sunadziwe kuti waphunzitsidwa kanthu.

Ndiye panja pali Meadow, mwana wamkazi, akulimbana ndi galimoto kuti ailowetse pakati pa magalimoto ena. Walephera, wabwerera, walepheranso, kachitatu yalowa. Mkati muja mwamuna wajekete wakhala pakauntala, wacheukira kwa Tony, kenako wanyamuka, wadutsa pafupi ndi tebulo lawo n'kulowa kuchimbudzi, ndipo kamera yamutsatira. Anyezi wokazinga wafika patebulo, atatuwo akudya. Meadow akuwoloka msewu chothamanga. Kabelu kalira. Tony wadzutsa mutu. Mwa lamulo lija, tsopano tiyenera kuona zimene Tony akuona, ndiye kuti Meadow akulowa pakhomo. M'malo mwake ndi mdima wa ndiweyani, ndipo nyimbo ya gulu la Journey, "Don't Stop Believin'", yadulidwa itangofika pa mawu oti usaleke. Ngati chithunzi chotsatira nkhope ya Tony chimakhala maso ake, ndipo chithunzicho chilibe kuwala kapena phokoso, ndiye kuti Tony sakuonanso kanthu ndipo sakumvanso kanthu. Umenewu ndiwo msana wa maganizo a bambo a kunyumba kwanu, kaya iwo anaufotokoza chonchi kapena anangoumva m'mafupa.

Pali zina zimene zimathira mphamvu mbali yawoyo, ndipo sizinagwe mwangozi. Kumayambiriro kwa magawo 9 omaliza, m'gawo la "Soprano Home Movies", Tony ali m'bwato panyanja ndi mlamu wake Bobby, akucheza za mmene anthu a ntchito yawo amathera. Bobby akunena kuti mwina zikamachitika munthu sumva n'komwe. Olemba sanasiyire pomwepo. M'gawo lotsatizana ndi lomaliza, "The Blue Comet", Bobby ataphedwa m'sitolo yogulitsa tizidole ta sitima zapamtunda, Tony wagona pabedi kumalo obisala atafukata mfuti, ndipo mawu a m'bwato aja akubwerezedwa. M'ntchito yathu, mphindi iliyonse ya kanema ndi ndalama. Sitibwereza chiganizo pokhapokha tikufuna kuti woonera alowe nacho m'gawo lotsatira chikadali chofunda. Palinso gawo la "Stage 5", momwe Silvio, mlangizi wa Tony, akudya ndi munthu wa gulu la ku New York, Gerry Torciano. Silvio akulankhula, phokoso likuzilala, magazi akumuwazikira kumaso, ndipo pokhapo ndi pamene akuzindikira kuti mnzakeyo akuomberedwa. Seweroli linatisonyeza kale kuti chipolopolo chimafika khutu lisanamve.

Za kuchimbudzi nazo n'zodziwika kwa aliyense wokonda mafilimu a mafia. Mu The Godfather ya 1972, Michael Corleone akulowa kuchimbudzi cha lesitilanti kukatenga mfuti yobisidwa, n'kutuluka kudzaombera anthu awiri patebulo. Tony ndi anzake ankaikonda filimu imeneyi ngati buku lopatulika, ankangoitchulatchula. Ndipo pa mndandanda wa mayina, mwamuna uja analembedwa kuti ndi munthu wovala jekete ya Members Only, pamene "Members Only" ndi mutu wa gawo loyamba la sizoni 6, momwe Tony anaomberedwa m'mimba ndi Junior, mchimwene wa bambo ake.

Mwina pofika pano mukuti ndakugulitsani. Ayi mayi, mbali yanu ili ndi miyendo, ndipo ndi yolimba kuposa mmene munaifotokozera m'kalata.

Choyamba, nkhondo inali itatha. Phil Leotardo, mdani wamkulu wa Tony, anali ataphedwa kale pamalo omwetsera mafuta, mkazi wake akuona, adzukulu ake ali m'galimoto, ndipo anthu a Phil omwe anali atagwirizana ndi Tony kuti asiye kulimbana. Seweroli silitionetsa munthu aliyense akulamula kuti Tony aphedwe. Kwa zaka zisanu ndi zitatu, kuyambira 1999, The Sopranos inkatilowetsa m'zipinda momwe imfa za anthu zinkakonzedwa. Bwanji imfa yaikulu koposa ikonzedwe kumbali, ndi munthu amene sitinamuonepo? Mwamuna wajekete sanagwire mfuti, sanalankhule, sanachite china chilichonse choposa kumwa khofi, kucheuka ndi kupita kukadzithandiza. M'lesitilantimo munalinso tiana ta sikauti, anyamata awiri amene analowa pambuyo pake, ndi achinyamata awiri okondana akuseka. Kamera inawayang'ananso onsewo.

Pamenepa ndimakonda kuwauza ophunzira anga za Lev Kuleshov, katswiri wa mafilimu wa ku Russia, amene zaka pafupifupi 100 zapitazo anatenga chithunzi chimodzi cha nkhope ya mwamuna yosasonyeza kanthu, n'kuchilumikiza ndi mbale ya msuzi, kenako ndi bokosi la maliro, kenako ndi mkazi. Oonera ankaona njala, chisoni ndi chilakolako pa nkhope imodzimodziyo. Tanthauzo silinali pankhopepo, linkabadwa polumikizira. Ndinayesapo zimenezi ndi mphindi za mu Holsten's. Ndinachotsa zithunzi zitatu zokha za mwamuna wajekete, china chilichonse n'kuchisiya, ndipo ndinaonetsa kalasi ya anthu amene sanaonerepo seweroli. Anati ndi banja likudya madzulo, mwana wamkazi wachedwa, mwina filimu yaonongeka kumapeto. Nditabwezeramo zithunzi zija, mtsikana wina anagwira pakamwa mwamunayo akungonyamuka pampando. Mantha onse amene munamva anapangidwa ndi masekondi ochepa a munthu wosalakwa kanthu pamaso pathu.

Ndiye taganizani: ameneyu si ndiye moyo wa Tony tsiku lililonse? Kwa mphindi zisanu Chase anatikhazika m'mutu mwa munthu amene sangamve chitseko chikutseguka osadzutsa mutu. Patebulo pomwepo Tony akuuza Carmela kuti Carlo, mmodzi wa anthu ake, akachitira umboni boma, ndipo loya wake anali atamuuza kale kuti mlandu uli panjira. Silvio ali chikomokere kuchipatala. Wachibale wake Christopher, Tony anamupha yekha ndi manja ake. Dr. Melfi, dokotala amene ankamumvetsera kwa zaka zonsezi, wamutsekera chitseko. Junior, amene kale ankalamulira, wakalamba mpaka sakumbukira kuti anali ndani. Anthu a mbali yanu amati chilango cha Tony ndi chimenechi, kuti adzakhala akudzutsa mutu pa belu lililonse mpaka tsiku limene belulo lidzakhale lenilenilo, kaya ndi usiku umenewu, kaya patapita zaka 20, kaya ndi apolisi m'mawa mwake. Enanso amati amene "anaphedwa" ndi ife oonera: tinachotsedwa m'moyo wa banja limeneli mwadzidzidzi, osamva n'komwe, iwo n'kupitiriza kudya anyezi wawo.

Nanga mwini wake anati chiyani? Apa chenjerani, chifukwa kandimverere anakanena za m'maluwa. Usiku umene gawoli linaonetsedwa, Chase anali ku France. Mu 2014 nkhani ina inafalikira yoti wavomera kuti Tony sanafe, koma tsiku lomwelo womulankhulira anati mawu ake anatengedwa molakwika, ndipo kufa kapena kusafa kwa Tony si kumene kuli nkhani. Mu 2015 anafotokoza mphindi zimenezi chithunzi ndi chithunzi m'magazini ya bungwe la otsogolera mafilimu, osatchula yankho. M'buku la macheza lomwe linatuluka mu 2019, lilime linaterereka n'kutchula za imfa, koma anati ankanena za ganizo lake loyamba, loti Tony akupita ku msonkhano ku New York kumene sakabwerako. Mu 2021 anauza The Hollywood Reporter kuti tsiku lina akuyendetsa galimoto anaona kalesitilanti kakang'ono n'kuganiza kuti Tony ayenera kukumana nazo pamalo ngati amenewo. M'macheza omwewo anadandaula kuti anthu amene anakhala zaka akumuchemerera Tony ndi omwewo ankafuna kumuona atagwa chafufumimba m'mbale ya chakudya. Mitu ya nkhani inakuwa kuti watsimikiza. Ine ndimati wasonyeza kumene mtima wake unkapendekera polemba. Zimene wolemba ankaganiza ndi zimene anaika pa kanema ndi zinthu ziwiri, ndipo iye anali ndi kamera, ochita sewero ndi ndalama zokwanira kujambula imfayo akanafuna. Anasankha kusatero.

Mukandikakamiza kuti ndiponye voti, ndiponyera bambo a kunyumba. Ndikukhulupirira kuti Tony anafa pampando uja, ndipo chimene chimandikoka si jekete kapena chimbudzi, koma kabelu kaja ndi lamulo la maso. Munthu wodziwa kudula zithunzi sabwereza chinthu kanayi n'kuchiswa kachisanu popanda cholinga. Komabe bambo akalakwitsa akamati nkhani yatha. Chase akanationetsa magazi, tikanapuma, n'kunena kuti woipa walandira zake, ife n'kusamba m'manja ngati kuti sitinaseke naye kwa magawo 86. Akanationetsa banja likutuluka m'lesitilanti likuseka, tikanati uchigawenga umalipira. Mdimawo umatimana zitonthozo zonse ziwiri. Inu mukunena zoona kuti sitinaone, ndipo kusaonako si chilema cha sewero. Ndi sewerolo.

Funso lanu lomaliza, loti mwina anangosowa pothera, ndi labwino, chifukwa zimenezo zimachitikadi, ndipo ine ndinazichitapo. Zaka zapitazo ndinalumikiza kasewero kena ka apolisi komwe ndalama zinatha tisanajambule tsiku lomaliza. Tinalibe chithunzi cha wakupha akugwidwa. Ndinauza wotsogolera kuti tingothera pa wapolisi akuyang'ana pawindo, anthu aziganizira okha. Tinadzinamiza kuti ndi luso. Oonera sanapusitsike, ndipo mmodzi anandifunsa mwaulemu ngati gawo lina likubwera. Kusiyana kwake n'kotere. Mapeto osamveka chifukwa chosowa chochita amasiya mafunso ambirimbiri obalalika, ndipo ukabwerera m'mbuyo supeza chilichonse chokukonzekeretsa. Mapeto osiyidwa dala amatseka zitseko zina zonse n'kusiya chimodzi chokha, ndipo ukaoneranso umapeza kuti unkatsogoleredwa kuchitseko chimenecho kuyambira kale. Mu The Sopranos za Phil zatha, za Junior zatha, za Melfi zatha, AJ wapeza ntchito, Meadow ali pa chibwenzi ndipo akulowera ku zamalamulo. Chatsala ndi chimodzi. Muyezo umenewu mungaugwiritse ntchito pa sewero lina lililonse. Muonenso ngati sewerolo silinaimitsidwe ndi kampani lisanathe, poti ambiri amene amaoneka ngati athera m'malere amakhala kuti ankayembekezera sizoni ina imene sinabwere.

Ngozi yake pa nkhani ngati izi ndi kukumba mopitirira mpaka kugwera m'dzenje lako lomwe. Gawoli litangotuluka panafalikira mphekesera yoti mwamuna wajekete anali mphwake wa Phil, ndipo kuti alendo onse a m'lesitilantimo anali anthu amene Tony anawalakwira kale. Zinali zabodza, mndandanda wa mayina sunena zimenezo, koma mpaka lero mudzapeza anthu akuzibwereza pa intaneti molimba mtima. Ena amawerenga zithunzi zapakhoma, mtundu wa malaya, ngakhale mmene anthu akuikira anyezi m'kamwa. Zina mwa izo n'zosangalatsa kucheza nazo. Ine ndimapereka kulemera kwa chinthu molingana ndi khama limene opanga anaikapo kuti ndichione: chiganizo chobwerezedwa kawiri ndi cholemera, kamera yotsatira munthu ndi yolemera, kanthu kooneka pokhapokha utaimitsa kanema n'kukulitsa chithunzi ndi kopepuka.

Ngati mukufuna kupita patsogolo, simukusowa katswiri wina kuposa rimoti yanu. Oneraninso "Soprano Home Movies", "Stage 5" ndi "The Blue Comet", kenako mphindi zomalizazo kawiri, koyamba mutatseka mawu kuti muone kamera yokha, kachiwiri mutatsinzina kuti mumve belu lokha. Mukafuna mawu a Chase, funani macheza athunthu osati mutu wa nkhani. Koma pali thandizo lina limene ndiyenera kulitchula, chifukwa ndinaonapo likufunika. Mapeto amenewa amalasa kwambiri anthu amene anatayapo wachibale mwadzidzidzi, uja munali naye m'mawa madzulo n'kumva kuti kulibe. James Gandolfini mwiniwake, amene ankasewera Tony, anamwalira motero mu June 2013 ali ku Rome ndi banja lake, ali ndi zaka 51, mtima utangoima, ndipo eni Holsten's anaika chikwangwani patebulo lija kuti pasakhale munthu. Ngati mdima uja ukukubwererani usiku, tulo osabwera, kapena wadzutsa chisoni chakale chimene mumati chinapola, imeneyo sikhalanso nkhani ya sewero. Lankhulani ndi munthu amene mumamukhulupirira, ndipo zikapitirira masabata angapo kaonaneni ndi mlangizi kapena dokotala.

Za kugona chofulatirana, ndikupatsani funso loti mukawaponyere bambo madzulo ano, poti onse awiri simunalitchule. Taonani mmene akhalira patebulo. Carmela ndi AJ ali mbali imodzi, Tony ali yekha mbali inayo, ndipo malo opanda munthu ali pambali pake, kumene kuli njira yochokera kuchimbudzi. Chase anatha nthawi yambiri akutionetsa galimoto ikukanika kulowa, pamene akanatha kungomulowetsa Meadow pamodzi ndi amayi ake. Muwafunse kuti mtsikanayo akanaimika galimoto ulendo woyamba, akanakhala pampando uti, ndipo munthu wotuluka kuchimbudzi akanaona ndani poyamba.